Vepu ndi mphaka m'nyumba imodzi: mafunso ndi mayankho kwa okhala mu Harare

Vepu, ndudu yamagetsi ija, yafika paliponse mu Harare. Ili m'mashopu a m'tauni, ili m'matumba a achinyamata ku Mbare ndi ku Mufakose, ili patebulo m'nyumba za ku Borrowdale ndi Avondale kumene ambiri mwa ife olankhula Chichewa timagwira ntchito. M'nyumba zomwezo muli amphaka, ena oweta pofuna kuthana ndi makoswe, ena ogona pabedi ngati ana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni amphaka ndi ogwira ntchito zapakhomo amafunsa kawirikawiri.

Amati zotuluka mu vepu ndi nthunzi ya madzi chabe. Ndi zoona?

Ayi. M'kati mwa vepu muli batire, kawaya kopota kotchedwa koyilo, thonje, ndi kathanki ka madzi a vepu. Mukakoka, batire limatenthetsa koyiloyo, madzi ali m'thonje n'kusanduka timadontho ting'onoting'ono touluka. Madziwo si a pampopi: ndi propylene glycol ndi glycerine, zonunkhiritsa, komanso chikonga, chija amalemba kuti nicotine pabotolo. Koyilo ikapsa chifukwa thonje lauma, pamatulukanso formaldehyde ndi acrolein, zomwe zimayabwa m'mapapo, ndipo koyilo imasiyamo tizidutswa ta zitsulo monga nickel ndi chromium.

Nthunzi ya m'ketulo imauma osasiya kanthu. Ya vepu imatera. Pitani ndi chala pagalasi la windo m'chipinda chimene munthu amavepamo tsiku lililonse, mupeza kamafuta konanda. Kamafuta komweko kali pasofa, pamakatani, pansi, ndi pa ubweya wa mphaka.

Choopsa kwambiri n'chiti, mtambo wa utsiwo kapena madzi ake?

Madzi ake, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Utsi umavulaza pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Madzi a vepu amatha kupha mphaka tsiku lomwelo.

Tiyeni tiwerengere. Mphaka wamkulu amalemera pafupifupi makilogalamu 4. Madokotala a ziweto amayembekezera zizindikiro za poizoni chiweto chikameza miligalamu 1 ya chikonga pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo chikafika cha m'ma miligalamu 9 kapena 10 pa kilogalamu, moyo uli pachiswe. Kwa mphaka wathu wa makilogalamu 4, ndiye kuti mamiligalamu 4 amudwalitsa, mamiligalamu 40 angamuphe.

Tsopano onani pabotolo kapena pakatoni ka vepu yanu. Pamene palembedwa 3 mg, 6 mg, 12 mg, 20 mg kapena 50 mg, tanthauzo lake ndi kuchuluka kwa chikonga mu mililita imodzi yokha, osati m'botolo lonse. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Palembedwa 5%, ndiye kuti mamiligalamu 50 pa mililita iliyonse. Palembedwa 2%, mamiligalamu 20. Mavepu ambiri otaya akatha, aja amitundu yowala onunkhira mango kapena chivwende, ndi a 5%. Mililita imodzi ndi madontho pafupifupi 20. Choncho madontho awiri a madzi a 5% adutsa kale mlingo wodwalitsa mphaka wamkulu, ndipo mililita imodzi, yosadzadza ngakhale kotala la supuni ya tiyi, yadutsa mlingo wakupha. Vepu yotaya yokhala ndi mamililita 10 yanyamula mamiligalamu 500. Ngakhale botolo lija anthu amati ndi lofooka, la 3 mg, likakhala la mamililita 60 muli mamiligalamu 180.

Kwa kamwana ka mphaka ka kilogalamu 1, madontho anayi a 5% ndi okwanira kukapha.

Koma amphaka sakonda zotsekemera. Angamwe bwanji zimenezi?

N'zoona, lilime la mphaka silimva kutsekemera, ndipo amene amatafuna mabotolo kawirikawiri ndi agalu. Mphaka amapezeka m'vuto kudzera njira ina: ukhondo wake. Chilichonse chimene chamukhudza pa ubweya kapena kuphazi amachichotsa ndi lilime, kaya chikukoma kaya chikuwawa.

Zimachitika motere. Mukuthira madzi m'kathanki patebulo, madontho angapo agwera pansi, simunawaone chifukwa alibe mtundu. Mphaka wapondapo, wakakhala pakhonde, wanyambita phazi. Kapena vepu yatsala pawindo padzuwa la Okutobala, madzi ake apyapyala ndi kutentha, ayamba kudontha kunsi. Kapena mphaka wakankha botolo losatseka bwino kuchoka pashelefu, monga amachitira ndi chilichonse chogubuduzika. Kapena mwathira ndi manja, osasamba, kenaka mwamusisita pamsana.

Chikonga chimalowanso pakhungu. Amene makolo awo anabwera kuchoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya amaidziwa bwino nkhani iyi: munthu akathyola fodya wamuwisi m'mawa kuli mame, zovala zitanyowa, amayamba chizungulire, nseru ndi kusanza ngakhale sanasute. Ndi chikonga cholowera pakhungu chimenecho. Ngati chimagwetsa munthu wamkulu wa makilogalamu 60, ganizani za chiweto cha makilogalamu 4 chimene chanyowa nacho pamimba.

Ndingadziwe bwanji kuti mphaka wamwa poizoniyu?

Zizindikiro zimabwera msanga, nthawi zambiri pakati pa mphindi 15 ndi ola limodzi, chifukwa chikonga chamadzi chimayamba kulowa m'magazi chikadali m'kamwa. Poyamba thupi limathamanga: dovu lochucha, kusanza, kutsegula m'mimba, kusakhazikika, kupuma mofulumira, mtima kugunda kwambiri. Maso amatong'oka, kakuda ka pakati n'kukula. Kenaka minofu imayamba kunjenjemera, makutu ndi khungu la pamsana zikuphiriphitha, mphaka akuyenda modzandira ngati woledzera. Poizoni akachuluka amaphupha ngati wakhunyu.

Pambuyo pake zinthu zimatembenuka. Mphaka uja amafooka, amagona chete, mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono, kupuma kumachepa. Ambiri amanyengeka pamenepa, amati wayamba kupeza bwino, wagona. Kumeneku si kuchira: minofu yopumira ikufa mphamvu, ndipo imfa ya chikonga imabwera chifukwa cholephera kupuma.

Zachitika. Ndichite chiyani pompopompo?

Choyamba, chotsani mphaka pamalopo ndipo mutole vepu kapena botolo. Musalitaye, mupita nalo kwa dokotala. Onani nthawi, ndipo yerekezani madzi amene asowamo.

Ngati madzi ali pa ubweya kapena kumapazi ndipo mphaka akadali bwino, valani magolovesi kapena jumbo m'manja, musambitseni pamalo pokhudzidwapo ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Tsukuluzani bwinobwino, bwerezani kachiwiri, mupukuteni ndi thaulo. Madzi asakhale otentha, chifukwa kutentha kumatsegula mitsempha ya pakhungu, poizoni n'kulowa msanga. Ngati wayamba kale kunjenjemera kapena kupuma movutika, musataye nthawi ndi kusambitsa: pukutani ndi nsalu yonyowa, nyamukani.

M'kamwa pukutani ndi kansalu konyowa. Musathiremo madzi, angatsamwe n'kukalowa m'mapapo. Ngati agwera m'maso, thirani madzi oyera pang'onopang'ono kwa mphindi 10 mpaka 15.

Imbani foni kwa dokotala wa ziweto muli m'njira, musadikire kuti muone ngati adwale. Muuzeni kulemera kwa mphaka, mphamvu yolembedwa pabotolo, madzi amene asowa, ndi nthawi imene zachitika. Mukulungeni mphaka m'thaulo, mumuike m'katoni yoboola mabowo a mpweya, mutseke. Mphaka wamantha wonyamulidwa m'manja amalumpha pakhomo la kombi, ndipo wodwala akathawira m'ngalande simumupezanso nthawi ikadalipo. Akamaphupha musaike zala m'kamwa mwake. Lilime sameza, koma inu akulumani.

Nanga kumumwetsa mkaka, mafuta ophikira, dzira laliwisi kapena makala osinja?

Zonsezi zisiyeni, ngakhale kuti kwathu ndi zimene timathamangira chiweto chikadya poizoni. Mkaka suchotsa mphamvu ya chikonga, ndipo amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba. Mafuta okakamiza kumwetsa amatha kulowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Madzi amchere osanzitsira ndi poizoni wina pawokha, amatupitsa ubongo. Hydrogen peroxide, amene ena amasanzitsira agalu, amayatsa zilonda m'mimba mwa mphaka. Makala a pambaula si makala a mankhwala aja a kuchipatala. A kuchipatala amakonzedwa mwapadera kuti akhale ndi timabowo tambirimbiri togwira poizoni, a pambaula alibe mphamvu imeneyo.

Musamupatsenso soda kapena mankhwala a chilungulira. Asidi wa m'mimba amachedwetsa chikonga kulowa m'magazi, ndiye mukamuzimitsa mwachitsegulira njira.

Ndipo chonde, Panado ayi. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado. Piritsi limodzi la mamiligalamu 500 limapha mphaka wamkulu, nkhama zake zikusanduka zakhofi, nkhope ikutupa. Amphaka ambiri afa ndi chifundo cha eni ake.

Kwa dokotala akamuchita chiyani, ndipo mu Harare ndipite kuti?

Jekeseni wozimitsa chikonga kamodzin'kamodzi kulibe. Ntchito ya dokotala ndi kusunga mphaka wamoyo mpaka chiwindi ndi impso zitachotsa poizoniyo. Mukafika msanga, zizindikiro zisanayambe, angathe kumusanzitsa ndi jekeseni ndi kumupatsa makala a mankhwala. Kenaka ndi diripi, mankhwala oletsa kusanza, mankhwala monga diazepam oletsa kuphupha, okosijeni, ndi kuyang'anira mtima. Maola anayi oyamba ndiwo ovuta; chiweto chimene chawadutsa chili m'manja mwa dokotala nthawi zambiri chimachira, ndipo pakutha pa tsiku limodzi chikonga chimakhala chitatuluka m'thupi.

Zipatala za ziweto zomwe si zaboma zilipo m'madera angapo a mzindawu, makamaka kumpoto. University of Zimbabwe ku Mount Pleasant ili ndi sukulu ya madokotala a ziweto yokhala ndi chipatala chake, ndipo SPCA ya mu Harare, bungwe loteteza ziweto ku nkhanza, imathandiza ziweto za anthu opeza movutikira. Chofunika n'chakuti mufufuze lero, zinthu zili bwino, kuti ndi kuti kumene amalandira usiku ndi Lamlungu, musunge nambala mufoni, mudziwenso amene angakunyamuleni pagalimoto. Kuchoka ku Mabvuku, Epworth kapena Dzivarasekwa pa kombi ziwiri, ola latha kale musanafike.

Ndimachita lendi chipinda chimodzi. Kuvepera pawindo sikukwanira?

Kumachepetsa, koma mphepo imabweza gawo lina m'kati. Komanso tinene zoona: mu Juni ndi Julayi, usiku wa mu Harare ukatsika pansi pa madigiri 10, ndani amatsegula windo? Miyezi imeneyo ndi imene munthu amavepera m'bulangeti, mphaka atadzipinda kumiyendo. Timadontho timene mwatulutsa timatera pomwepo, pamene mphuno yake ili.

Tulukani panja, mutseke chitseko, muvepere pakhonde kapena kuseri kwa nyumba. Mukabwerera sambani m'manja ndi sopo musanamugwire kapena kumupakulira chakudya. Ngati muli ndi jekete imene mumavala povepa, ikolekeni pamsomali, isakhale pampando pamene amagona. Mbale yake ya madzi ndi ya chakudya zisakhale pansi pa windo limene mumavepera. M'galimoto muli mphaka musavepe n'komwe. Ndipo mchitidwe wouzira mtambo kumaso kwa mphaka kuti mujambule vidiyo ya pa TikTok ndi nkhanza, ngakhale ojambulawo akuseka.

Yanga ndi ya 0 mg, ilibe chikonga. Ndiye palibe vuto?

Ngozi yakufa tsiku lomwelo yachepa kwambiri, ngati zolembedwazo zili zoona. Za m'misewu zosadziwika kochokera musazikhulupirire msanga. Koma patsala zinthu ziwiri.

Choyamba ndi propylene glycol. Kwa anthu ndi agalu savuta kwenikweni, koma maselo ofiira a magazi a mphaka ndi osalimba kwa iye: amachita timabuma totchedwa Heinz bodies, n'kufa nthawi yake isanakwane. N'chifukwa chake mu 1996 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linaletsa kumuika m'zakudya za amphaka. Zimene mphaka anganyambite pa ubweya n'zochepa poyerekeza ndi kudya tsiku lililonse, koma madzi otayikira pansi nthawi zambiri gawo lalikulu ndi iyeyu. Mphaka wochepa magazi amafooka, safuna kudya, ndipo nkhama zake zimayera m'malo mokhala zofiirira.

Chachiwiri ndi zonunkhiritsa. Mafuta a zomera monga minti, sinamoni, bulugamu ndi makoko a malalanje chiwindi cha mphaka chimavutika nawo, pa chifukwa chomwe chija cha Panado. Fungo lamphamvu lililonse limayabwanso njira za mpweya.

Mphaka wanga amatsokomola ngati akufuna kusanza ubweya, koma satulutsa kanthu. N'chiyani?

Mwina ndi mphumu. Amphaka amadwala mphumu ngati anthu, ndipo a mtundu wa Siamese imawagwira kawirikawiri. Wodwalayo amanyonyomala pansi, khosi atalitambasula kutsogolo, mapewa ali m'mwamba, n'kumatsokomola mouma. Mukatchera khutu mumamva kakhweru popuma. Utsi wa vepu, wa ndudu, wa mbaula, wa koyilo ya udzudzu, mankhwala opopera, fumbi la Ogasiti ndi utsi wa tchire lotenthedwa, zonsezi zimayambitsa.

Muwerengereni kapumidwe akagona tulo. Yang'anani nthiti: kukwera ndi kutsika ndi kumodzi. Werengani kwa masekondi 30, muwirikize kawiri. Mphaka wabwino ali mtulo sapitirira ka 30 pa mphindi. Zikamapitirira masiku angapo, pitani naye. Jambulani vidiyo akamatsokomola, chifukwa akafika kwa dokotala amangoti zii. Koma mphaka wopuma kukamwa kuli yasa, kapena lilime litachita bii, ameneyo ndi wothamangira naye kwa dokotala nthawi yomweyo. Galu amapuma kukamwa kuli yasa kukatentha, koma kwa mphaka nthawi zambiri ndi chizindikiro cha ngozi.

Kodi zingayambitse khansa?

Kafukufuku wa pa Tufts University ku America, wosindikizidwa mu 2002, anapeza kuti amphaka okhala m'nyumba zosutiramo ndudu amadwala khansa ya lymphoma kuposa kawiri poyerekeza ndi a m'nyumba zosasuta, ndipo okhalamo zaka 5 kapena kuposerapo, kuposa katatu. Kafukufukuyo anali wa ndudu zoyatsa, zomwe zili ndi phula ndi zoipa zambiri kuposa vepu. Chimene tikutengapo ndi njira yake: mphaka amapuma utsiwo, kenaka amaumezanso podzinyambita, kotero amaulandira kawiri. Njira imeneyo ndi yomweyo ndi vepu.

Vepu yatha. Ikadali yoopsa?

Inde. Imasiya kutulutsa utsi thonje likadali lonyowa ndi chikonga, ndipo m'kati muli batire la lithium. Dzino likaboola batirelo, mankhwala ake amawotcha lilime ndi kum'mero, ndipo zilonda zimatha kuonekera patapita maola angapo. Pamenepa kusanzitsa n'koletsedwa ndithu, chifukwa zimawotchanso pobwerera. Batire lobooka kapena lotupa limatha kuyaka lokha. Liikeni panja, pasimenti kapena m'chitini cha mchenga.

Zotha muzisonkhanitsa m'botolo lagalasi lotseka kapena m'chitini chokhala ndi chivindikiro. Musaponye padzala pomwe amphaka ndi agalu a m'dera amafukula, ndipo musatenthe pamodzi ndi zinyalala, batire limaphulika. Chenjeraninso ndi kutchaja: magetsi akamabwera pakati pa usiku anthu amasiya vepu pachingwe n'kugona, ndipo kamphaka kamaona chingwe cholendewera ngati chidole.

Ndimagwira ntchito m'nyumba ya abwana. Ana awo amavepa, mphaka ndimasamala ndine. Ndichite bwanji?

Mayi kapena bambo, inu ndi amene mumaona zinthu poyamba, ndipo nthawi zambiri masana mumakhala nokha. Pokonza m'zipinda yang'anani pansi pa pilo, m'mphako za sofa, m'matumba a zovala zochapa. Vepu iliyonse imene mwapeza ikani m'dilowa lotseka, muwauze eni ake kumene mwaika. Mukapeza potayikira, pukutani ndi pepala mutavala magolovesi, kenaka mutsuke ndi sopo ndi madzi, mphaka mutamutsekera kwina mpaka pauma. Kukolopa ndi chikolopa chonyowa chabe kumangofalitsa.

Pemphani abwana akupatseni nambala ya dokotala wa mphakayo, muimate pafiriji, ndipo mugwirizane pasadakhale kuti zikavuta iwo kulibe mukwera chiyani ndipo alipira ndani. Ngozi ikachitika musabise poopa kukalipiridwa kapena poteteza mwana amene amavepa mobisa. Dokotala akadziwa kuti ndi chikonga amayamba chithandizo nthawi yomweyo. Akapanda kudziwa amataya nthawi kufufuza za mankhwala a makoswe kapena a nthata.

Nanga vepu ya chamba, shisha ndi fodya wina?

Mafuta a chamba a mu vepu ndi amphamvu kwambiri. Mphaka amadzandira, amadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, mkodzo umadontha wokha, thupi limazizira. Muuzeni dokotala zoona; iye akufuna kupulumutsa chiweto. Fodya wa shisha ndi wonyowa ndi manyuchi ndipo amamatirira kumapazi, madzi a m'botolo lake musawasiye poyera. Timatumba ta chikonga toika kunkhama, chingamu cha chikonga, fodya wofwenkha wa agogo, zotsalira za ndudu m'mbale ya phulusa imene yagwa mvula: zonsezi zili ndi chikonga chokwanira kudwalitsa mphaka.

Ndasiya kuvepera m'nyumba. Zotsalira ndichotse bwanji?

Yambani ndi pamene mphaka amagona. Chapani bulangeti lake, zofunda, makatani ndi nsalu za pamipando ndi sopo m'madzi ofunda, muyanike padzuwa. Magalasi, matebulo, mashelefu ndi pansi tsukani ndi madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, mutsukuluze ndi madzi oyera. Pewani mankhwala ophera tizilombo aja amene amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi, chifukwa ambiri ali ndi phenol kapena za m'gulu lake, zomwe ndi poizoni kwa amphaka. Mphaka mwiniyo mupeseni ndi bulashi, mumupukute ndi nsalu yonyowa ndi madzi ofunda kuyambira kumutu mpaka kumchira, osaiwala pakati pa zala za kumapazi. Mabotolo ndi mavepu otsala asungeni ali chiimire m'kabokosi kotseka, m'kabati ya chitseko chokhoma. Pamwamba pa wadilobu sipokwanira, chifukwa mphaka amafikapo ndi kulumpha kumodzi.